Mankhwala otsukira mano a ana aang'ono: tiziyang'ana chiyani?

Anzanga, ambirife amene timayendera kuchokera kunyumba ndife timasambitsa ang'ono athu m'mawa tisanathamangire kuno. Ndifenso timatumidwa kugolosale kukagula sopo, mchere ndi Colgate. Pajatu kwathu kuno mankhwala aliwonse otsukira mano timangoti Colgate. Ndiye ndati ndilembeko za kasankhidwe ka mankhwalawa tikamagulira mwana.

Tiyambe ndi chimene chimabowola dzino. M'kamwa muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Mwana akadya siwiti, bisiketi kapena kumwa Sobo, tizilomboti timadya shuga wotsalira m'mano n'kutulutsa asidi. Asidiyo amadya chikuto cholimba cha dzino pang'onopang'ono mpaka pachite bowo.

Ena amati, "Aaa, si oguluka omwewa, adzamera ena." Zoona adzaguluka, koma mano oyambawa, omwe amakhalapo 20, ndi amene amasungira malo mano achikulire, ndipo ena akumbuyo amakhala mpaka mwana afike zaka 11 kapena 12. Dzino likazulidwa msanga, lobwera pambuyo limatha kumera mopingasa. Komanso dzino likamapweteka, mwana sadya, sagona, ndipo amayi amasiya khasu n'kuyenda mtunda wautali kupita naye kuchipatala.

Chinthu chenicheni chofuna m'mankhwalawa ndi fluoride. Ameneyu amalimbitsa chikuto cha dzino kuti asidi asachigonjetse msanga. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride wa 1000 mpaka 1500 ppm pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwa anthu. Zilembo za ppm zimangotiuza kuchuluka kwa fluoride m'chubumo. Choncho tembenuzani katoni, muwerenge timalemba tating'ono takumbuyo. Mukaona mawu oti Sodium Fluoride kapena Sodium Monofluorophosphate, nambala yake n'kukhala 1000 kapena 1450 ppm, mwapeza.

Musatengeke ndi chithunzi cha kadoli pakatoni. Mankhwala ena olembedwa kuti ndi a ana amakhala ndi 500 ppm yokha, ena alibiretu fluoride, chonsecho mtengo wake ndi wokwera. Enanso amatsekemera ngati jamu, mwana n'kumangonyambita. Ngati ndalama ndi yogulira chubu chimodzi basi, cha banja lonse cha 1450 ppm chimakwanira ndithu, bola mumuikire pang'ono. Olembedwa kuti whitening kapena charcoal asiyireni akuluakulu, chifukwa ena amakhala okhakhala. Onaninso deti lothera ntchito, makamaka mukamagula pamsika pomwe katundu amakhalitsa padzuwa.

Nanga muyezo wake? Mwana wosakwana zaka 3 mumupakire kochepa ngati kambewu kamodzi ka mpunga. Wa zaka 3 mpaka 6, ngati njere imodzi ya nandolo. Zodzadza mswachi wonse zija n'za otsatsa malonda. Chifukwa chake n'chakuti mwana wamng'ono sadziwa kulavula, amameza. Akamameza fluoride wambiri kwa nthawi yaitali, mano achikulire omwe akupangika m'nkhama amadzatuluka ndi timawanga toyera, mwinanso tofiirira. M'madera ena, monga ku Nathenje ku Lilongwe, madzi a m'mijigo ina ali kale ndi fluoride wambiri. Ngati m'mudzi mwanu anthu ambiri ali ndi mano a mawanga ofiirira, makolo afunse kaye azaumoyo.

Kutsuka kuyambe dzino loyamba likangomera, nthawi zambiri mwana ali ndi miyezi ngati 6. Azitsuka kawiri patsiku kwa mphindi ziwiri, ndipo kutsuka kwa usiku musakuphonye, chifukwa munthu akagona malovu amachepa, asidi n'kupeza mpata. Akamaliza alavule, koma asachukuche ndi madzi ambiri, kuti fluoride atsaleko m'mano. Mswachi ukhale waung'ono, wofewa, ndipo aliyense wakewake, osabwerekana. Mpaka afike zaka 7 muzimuthandiza, poti payekha amangotsuka akutsogolo. Chubucho muziika pamwamba pomwe sangafikire. Makala, phulusa ndi mchenga ayi ndithu, zimenezi zimapala chikuto cha dzino, ndipo chikatha sichimeranso.

Ndikudziwa ena muti ndalama zake zili kuti. Koma taganizani, kambewu ka mpunga kawiri patsiku, chubu chimodzi chitha liti? Yerekezani ndi ndalama ya kabaza yopitira kuchipatala kukazulitsa dzino. Lero tikaweruka, katengeni chubu cha kwanu muone nambala ya ppm, kenako mukawaonetse amayi kapena agogo. Mawa pa buleki tidzauzane manambala amene tapeza.

Wolemba: mnzanu wa mu Fomu 2