Penti Yabwino Siithandiza pa Chitsulo Chadzimbiri

Mu Julayi 1916, asilikali a ku Germany anamiza dala sitima yawo, Graf von Goetzen, m'nyanja ya Tanganyika kuti adani asailande. Asanaimize, amisiri anapaka girizi wambiri pa injini zake. Angelezi ataivuula mu 1924 anapeza injinizo zikadali zabwino, ndipo mu 1927 sitimayo inayambanso ntchito ndi dzina lakuti Liemba. Kwa zaka zambiri yanyamula anthu ndi katundu pakati pa Kigoma ndi doko lathu la Mpulungu. Girizi uja anatchinga madzi ndi mpweya, zinthu ziwiri zimene zimabala dzimbiri zikakhudza chitsulo.

Masiku ano ntchito yotchinga imeneyi pa zombo zachitsulo, monga zogwirira kapenta ku Siavonga, imagwiridwa ndi penti ya epoxy. Imabwera m'zitini ziwiri, penti yeniyeni ndi mankhwala oumitsira. Zikasakanizidwa zimauma n'kukhala chikamba cholimba chimene madzi savuta nacho kuchiboola ayi, amalephera. Mlimi wa ku Kalikiliki alibe chombo, koma ali ndi thanki yachitsulo, miyendo yake yowotcheredwa ku Kalingalinga, wilibala ndiponso zomwera nkhuku. Madzi akasefukira m'komboni nthawi ya dzinja, zonsezi zimakhala m'chinyezi kwa masabata ambiri, ndipo kugula zatsopano kumadya phindu la munda.

Ntchito yaikulu ili pa kukonza chitsulo musanatsegule chitini. Okonza zombo amayamba akokera chombo kumtunda, kuchitsuka, kenako kuchotsa dzimbiri ndi penti yakale ndi makina opopera mchenga mpaka chitsulo chiyere. Inu gwiritsani ntchito girayinda, burashi yawaya ndi sandipepala. Tsukani mafuta onse choyamba, chifukwa kupala pamalo a girizi kumangomufalitsa. Chitsulo chisakhale chosalala ngati galasi. Penti imagwira bwino pamene pali pokhakhala. Mukapala, pakani tsiku lomwelo, pakuti chitsulo chopalidwa chikagona usiku pamame chimadzuka chitafiira kale. Dzimbiri lotsekeredwa pansi pa penti limapitiriza kudya, ndipo posakhalitsa penti imatukusira n'kusupuka.

Sakanizani monga mwa muyeso wolembedwa pachitini, osati mongoyerekeza. Kuwonjezera mankhwala oumitsira sikufulumizitsa ntchito koma kumafooketsa chikamba. Sakanizani pang'onopang'ono, chifukwa penti ikasakanizidwa imayamba kuuma m'chitini momwemo, makamaka kukatentha. Yambani kupaka ndi burashi m'mbali, m'makona ndi m'mizere yowotcherera, pamene dzimbiri limakonda kuyambira, kenako pakani ponseponse kawiri kapena katatu, mukumadikira nthawi imene opanga alemba. Epoxy yambiri imafuna masiku ngati 7 kuti ikhwime isanakhudze madzi. Nyengo yabwino kuno ku Lusaka ndi Ogasiti ndi Seputembala, kuzizira kutatha, mvula isanagwe. Epoxy imayezuka ndi dzuwa, choncho chitsulo chokhala panja chipakidwenso penti ya polyurethane pamwamba.

Chenjerani pa zinthu ziwiri. Penti imene amapaka komaliza kunsi kwa zombo kuti ndere ndi nkhono zisamamatire imakhala ndi mkuwa kapena poizoni wina. Isalowe m'thanki ya madzi akumwa, m'zomwera ziweto kapena m'damu la nsomba. M'kati mwa thanki yotere pakani epoxy yokhayo imene chitini chake chikunena kuti ndi ya madzi akumwa. Chachiwiri, mpweya wa penti m'thanki yotsekeka umakomola munthu ndipo ungagwire moto. Tsegulani paliponse, valani magolovesi ndi chophimba kumphuno choyenera mankhwala, ndipo mnzanu aime panja nthawi yonse imene muli m'kati.

Yenderani zitsulo zanu mukangokolola. Kabanga ka dzimbiri kofanana ndi njere ya nyemba kamafuna sandipepala ndi burashi imodzi ya penti; mukakasiya dzinja lina, mudzaitana wowotcherera.