Banja Likatha, Achoke Ndani? Nyumba ndi Mawu a Ukwati ku Kabulonga

M'nkhani ino tifuna kuunika funso limene kawirikawiri silifunsidwa pophunzitsa mawu okhudza ukwati: kodi banja likatha, amene amamanga katundu n'kuchoka pakhomo ndani? Tasankha dera la Kabulonga mumzinda wa Lusaka chifukwa kumeneko yankho la funsoli lidatembenuka, chikhalirecho mawu amene anthu amayankhula pa za ukwati ndi omwe aja a kumudzi.

Pa mwambo wa Achewa, kaya ndi ku Katete kaya ndi ku Dedza, yankho lidali lodziwikiratu. Mwamuna ankapita kuchikamwini. Ankamanga nyumba pamudzi pa mkazi wake, ankalima munda umene apongozi adampatsa, ndipo ana amene ankabereka adali mbumba ya mlamu wake, amene kwa anawo ndi atsibweni. Pakabuka nkhani ankhoswe a mbali ziwiri ankakhala pansi. Zikakanika, mwamuna ankasudzula mkazi, natenga khasu, nkhwangwa ndi bulangete lake, ulendo wa kwawo. Mkazi ankatsala m'nyumba yomweyo, munda uli womwewo, abale ali pafupi. Ngakhale chitengwa chidali chochita kupempha, ndipo mwamuna akapereka chiongo ana ankakhalabe a kuchikazi. Angoni a kwa Mpezeni ndiwo ankasiyana, popeza malowolo a ng'ombe ankapereka ana kuchimuna. Mabuku onga Kukula ndi Mwambo la J.W. Gwengwe adalembedwa maso ali pa moyo wa pamudzi, ndipo matanthauzo ambiri amene timaphunzitsa amachokera kumeneko.

Mzinda wa Lusaka udakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, ndipo atsamunda adaugawa motsata khungu. Kabulonga ndi Woodlands adali mayadi a azungu. Sukulu zimene lero zimatchedwa Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls zidayamba ngati Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, za ana a azungu. Anthu akuda ankakhala m'malo onga Kabwata, m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, tina mwa ito tikuonekabe ku Kabwata Cultural Village. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti nyumba ya m'tauni inkabwera ndi ntchito, ndipo ntchito idali ya amuna. Mzungu atachoka pambuyo pa ufulu wa 1964, akuluakulu a boma ndi a makampani adalowa m'mayadi muja pa lamulo lomwelo: nyumba ndi ya wolembedwa ntchito. Boma la Frederick Chiluba litayamba kugulitsa nyumba za khonsolo ndi za boma kwa okhalamo mu 1996, dzina limene lidali m'buku la lendi ndilo lidalowa pa chikalata cha umwini, ndipo m'mabanja ambiri dzinalo lidali la bambo.

Motero ukwati wa kumayadi uli ngati chitengwa chopanda chiongo ndiponso chopanda mudzi. Mkazi watengedwa, koma sadapite kwa apongozi kumene kuli nyakwawa ndi akuluakulu oti aone mmene akukhalira. Wapita kuseri kwa mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, kumene woyandikana naye nyumba mwina sadziwa n'dzina lake lomwe. Ilsa Schuster, m'buku lake la New Women of Lusaka la 1979, adaonetsa kuti ngakhale akazi ophunzira, olandira malipiro awoawo, ankakhala m'maukwati odzala ndi kukayikirana. Karen Tranberg Hansen naye, amene adachita kafukufuku ku Mtendere, komboni yoyandikana ndi Kabulonga, adalemba zambiri za mikangano ya mwamuna ndi mkazi pa ndalama za pakhomo m'buku la Keeping House in Lusaka la 1997.

Malamulo a Zambia amazindikira maukwati a mitundu iwiri. Ukwati wa mwambo umaweruzidwa ku makhoti aang'ono otchedwa Local Court, motsata mwambo wa eni ukwatiwo, ndipo umalola mitala. Ukwati wolembetsa pansi pa Marriage Act ndi wa mkazi mmodzi, ndipo woumasula ndi High Court, motsata Matrimonial Causes Act ya 2007. Lamuloli lisadabwere makhoti ankatsata malamulo a ku England. Banja la ku Kabulonga nthawi zambiri limachita ziwiri zonsezi. Limatuma ankhoswe, limalipira lobola, kenaka limapita ku tchalitchi kapena ku Civic Centre kukasayina. Pa tsiku laukwati palibe amene amaona vuto. Vuto limaoneka pothetsa banja, pamene abale akufuna kuti nkhani ithere pamphasa koma maloya akuwerengera mtengo wa nyumba. Pa mlandu wa Chibwe v Chibwe mu 2000, Supreme Court idagamula kuti mkazi wokwatiwa pa mwambo wa Aushi alandire gawo la chuma chimene banjalo lidapeza. Chigamulochi chidatsegula khomo, komabe sichidasinthe chimene chimachitika tsiku loyamba la mkangano, pamene mkazi ndiye amakweza masutikesi m'galimoto.

Imfa nayo idabweretsa funso lomweli. Pa mwambo wa kuchikazi chuma cha mwamuna chinkapita kwa abale ake ndi ana a mlongo wake, ndipo izi sizinkasautsa wamasiye pamene chumacho chidali mfuti ndi mbuzi zingapo, iye ali pamudzi pakwawo. Chumacho chitasanduka nyumba ya zipinda zinayi ndi galimoto, mwambo womwewo udasanduka kulanda. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 lidayesa kuthetsa zimenezi: pa chuma cha womwalira wopanda wilo, magawo 50 pa 100 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo, ndipo 10 a ena amene ankadalira malemuyo. Wotsalayo ali ndi ufulu wokhala m'nyumba moyo wake wonse, koma ufuluwo umatha akakwatiwanso.

Tsono tibwere ku mawu, pakuti apa ndi pamene ife a ziyankhulo tili ndi chonena. Nkhoswe ya kumudzi idali mbale, ndipo udindo wake unkatha ukwati ukatha. Nkhoswe ya ku Lusaka ikhoza kukhala mnzake wa mkwati wa kuntchito kapena mkulu wa mpingo, ndipo ambiri ntchito yawo imathera pa kukambirana lobola. Liwu lakuti lobola lenilenilo lidafalikira ngakhale kwa mitundu imene makolo ake sankalowola, ndipo limatchulidwa m'makwacha. Alangizi, amene kale adali anamkungwi ndi azakhali a pamudzi, tsopano amalembedwa ganyu, naphunzitsa mtsikana amene sadamuonepo n'kale lonse. Chilangamulilo ndi matebeto, miyambo ya Abemba, imachitika m'mabanja a Achewa ndi Ansenga popanda wodabwa, pamodzi ndi kitchen party imene idachokera kwa azungu. Ndipo akazi a mumzindawu akamati ukwati ndi shipikisha club, kubwereka liwu la Chibemba lotanthauza kupirira, amanena mwanthabwala chimene nyimbo za pamtondo zinkanena modandaula. Ife tikuona kuti mtanthauziramawu amene apereka tanthauzo la kumudzi lokha la mawu amenewa akunamiza wophunzira wa ku Lusaka, ngakhale kuti palibe bodza limene walemba.

Olemba nthano adaziona izi msanga kuposa ife. Mu A Cowrie of Hope ya Binwell Sinyangwe, ya 2000, Nasula alandidwa zonse ndi abale a mwamuna wake atamwalira, ndipo afika ku Lusaka ndi thumba la nyemba kuti apeze fizi ya mwana wake wamkazi. Mu Patchwork ya Ellen Banda-Aaku, imene idapata Penguin Prize for African Writing mu 2010, wofotokoza nkhani ndi Pumpkin, mwana wobadwira kunja kwa ukwati wa bambo wolemera, amene akula akuyendayenda pakati pa nyumba ya mayi ake ndi ya mkazi wamkulu wa bambo ake. Pamudzi wa Achewa mwana wotere sakadasowa pokhala, popeza mwana ndi wa kuchikazi. Mabuku awiri onsewa ali m'Chingerezi, ndipo mphunzitsi wa Chinyanja wofuna kukambirana za banja la m'tauni amakakamizika kubwereka kumeneko.

Pali liwu linanso limodzi lofunika kuliyesa m'kalasi. Timati mkazi wosudzulidwa wabwerera kwawo. Kwa mkazi wobadwira ku University Teaching Hospital, amene adakulira m'nyumba ya lendi ku Chelstone, makolo ake adapuma ntchito n'kusamukira ku Chipata, ndipo mudzi wa agogo ake adaupondako kawiri pa maliro, ophunzira atiuze kuti kwawoko ndi kuti.