Njoka ya Maseche ndi M'bale Wake Mphiri

Anzathu alimi, lero tiwerenga za njoka ya kutali. Kuno kwathu kulibe. Imakhala ku America kokha, kuyambira kumwera kwa Canada, kudutsa United States ndi Mexico, mpaka ku Brazil ndi Argentina. Pa Chipwitikizi dzina lake ndi cascavel. Ife tiitcha njoka ya maseche, chifukwa kumchira kwake kuli timphete touma tolira ngati maseche a ku gule.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga za njoka ya ku America zitithandiza chiyani ife?" Tadikirani. Njoka imeneyi ndi ya banja limodzi ndi mphiri ya m'minda mwathu. Tikamva za iyo, tidziwa bwino za mphiri.

Mmene ilili

Mitundu ya njoka ya maseche ipitirira 30. Zina zazikulu zimafika mamita 2. Ili ndi thupi lonenepa ndi mutu wotambalala. M'kamwa muli mano awiri aatali, obooka mkati ngati singano ya jakisoni. Ululu umadzera m'menemo.

Maseche aja ndi olimba ngati zikhadabo zathu. Njoka ikafundula, kamphete kamodzi kamaonjezeka. Ikachita mantha imagwedeza mchira. Kumeneko ndi kuchenjeza kuti, "Usandiyandikire!" Koma si nthawi zonse imachenjeza. Pena imangoluma.

Pakati pa diso ndi mphuno ili ndi kadzenje komvera kutentha. Ndiko kamaithandiza kupeza mbewa ngakhale mumdima.

Ikaluma munthu

Poyamba palumidwapo pamawawa ngati moto. Kenaka pamatupa. Kutupa kumakwera, kuchokera kuphazi kupita kubondo, mpaka m'ntchafu. Khungu limada, matuza amatuluka. Ululu umaononga mnofu, ndipo mnofu wakufa umaola. Ena amadulidwa chala kapena mwendo.

Ululu umaononganso magazi. Magazi amaleka kuundana. Amatuluka pabala, m'nkhama ndi m'mphuno. Munthu amasanza, amachita chizungulire, amafooka.

Cascavel ya ku Brazil imasiyanako. Siitupitsa kwambiri, koma zikope zimagwa, maso amaona ziwiriziwiri, mkodzo umada, impso zimaonongeka.

Tsopano mverani ichi. Ku United States anthu 7,000 mpaka 8,000 amalumidwa ndi njoka zaululu chaka chilichonse. Amafa ndi angati? Pafupifupi 5 okha. Kodi njoka zakumeneko n'zofooka? Ayi ndithu. Anthuwo amafika msanga kuchipatala, ndipo mankhwala amawapeza. Pa dziko lonse lapansi, bungwe la zaumoyo la WHO likuti amafa ndi anthu 81,000 mpaka 138,000 pachaka. Ambiri ndi alimi onga ife, a ku Africa ndi ku Asia, okhala kutali ndi chipatala.

Mankhwala ake

Mankhwala opha ululu amachokera m'magazi a kavalo. Amabaya kavalo ululu pang'onopang'ono. Thupi lake limapanga zolimbana ndi ululuwo. Zimenezo amazitenga m'magazi, n'kuziyeretsa, n'kumabaya nazo wolumidwa.

Dokotala wa ku Brazil, Vital Brazil, amene anatsogolera Instituto Butantan ku São Paulo kuyambira 1901, anaonetsa kuti mtundu uliwonse wa njoka umafuna mankhwala ake. Choncho mankhwala a cascavel sachiza wolumidwa ndi mphiri. Mphiri ili ndi ake.

Mphiri yathu

Mphiri ilibe maseche. Ikakwiya imadzitukumula ndi kupuma mwaphokoso, fuuu! Vuto lake n'lakuti siithawa. Imagona phee m'masamba ouma, m'mapesi, ngakhale pakati pa njira. Munthu amaiponda osaiona. Ululu wake nawonso umatupitsa, umatulutsa matuza, umaoletsa mnofu.

Mnzathu akalumidwa

1. Mumchotse pafupi ndi njoka. Musataye nthawi kuisaka.
2. Mumlimbitse mtima, agone. Asathamange, chifukwa kuthamanga kumayendetsa ululu msanga.
3. Mumvule mphete, makoza ndi nsapato kutupa kusanayambe.
4. Muike ndodo m'mbali mwa mwendo kapena mkono, mukulunge nsalu mosathina, kuti usagwedezeke.
5. Mumnyamule pa machira, pa ngolo kapena pa galimoto, kupita kuchipatala nthawi yomweyo. Akamasanza, mumgoneke chammbali.
6. Mukumbukire nthawi imene walumidwa, mukauze namwino.

Izi musachite

Musamange luzi kapena mphira mothina. Magazi akaleka kuyenda, ululu umatsekeka pamodzi, mwendo umafa.

Musatemere mphini. Paja tanena kuti magazi saundana. Mphini zimataya magazi ndi kulowetsa dothi pabala.

Musayamwe pabala. Ululu walowa kale mkati, sutuluka ndi pakamwa.

Musampatse kachasu kapena mowa uliwonse.

Musanene kuti, "Tione mawa kukacha." Wina aoneka bwino madzulo, m'mawa mwendo wada.

Kupewa pa ntchito

Njoka imatsata mbewa ndi makoswe. Tilambule udzu kuzungulira nkhokwe ndi nyumba. Nkhuni tiunjike patali ndi khomo. Potuta mapesi kapena mulu wa udzu, tiyambe tatembenuza ndi khasu, osati ndi manja. Tisapise dzanja kuuna. Ana okumba mbewa tiwauze zimenezi. Usiku tiyende ndi tochi. Amene ali ndi jombo azivala polambula munda.

Mankhwala opha ululu sapezeka pachipatala chilichonse. Koperativa ifunse lero kumene ali. Pamsonkhano tigwirizanenso: ngolo ya yani idzanyamula wolumidwa? Machira akhala kuti? Tisadikire tsiku la ngozi.

Mafunso

1. Kodi njoka ya maseche imakhala kuti?
2. Ululu wake umatani ndi mnofu? Nanga ndi magazi?
3. N'chifukwa chiyani ku United States amafa ndi ochepa?
4. Tchulani zinthu zitatu zosayenera kuchita mnzathu akalumidwa.
5. Kuchokera kumunda wa koperativa yanu kukafika kuchipatala ndi maola angati?

Lembani m'kope mwanu: Wolumidwa ndi njoka timnyamule msanga kupita kuchipatala.