Madera a M'mizinda: Ndirande, Kogona Antchito a Blantyre

Ndirande ndi dera lomwe lili m'tsinde mwa phiri la dzina lomwelo, kumpoto chakum'mawa kwa tauni ya Blantyre, ndipo ndi limodzi mwa madera akale komanso othithikana kwambiri mumzindawu, umene kalembera wa 2018 adapeza kuti uli ndi anthu oposa 800,000. Anthu okhala kwina akamatchula dzina la Ndirande nthawi zambiri amaganiza za phokoso, umbava ndi zionetsero, koma mbiri yotereyi imaphimba chinthu chimene chimafotokoza bwino moyo wa m'derali, chomwe ndi kuyandikana kwake ndi malo a ntchito. Munthu wogona ku Ndirande angathe kufika wapansi ku mafakitale a ku Makata, ku Ginnery Corner, ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chomwe ambiri amachitchula kuti Gulupu, ngakhalenso m'tauni mwenimweni, ndipo kwa wolandira malipiro ochepa mwayi umenewu umaposa kukula kwa chipinda kapena ukhondo wa pabwalo.

Chiyambi cha derali sichingasiyanitsidwe ndi mmene mzinda wa Blantyre udamangidwira. Amishoni a Church of Scotland atakhazikika pamalowa mu 1876, ndipo njanji itafika mu 1908, tauni idakula ngati malo a Azungu ndi amalonda a Chimwenye, pamene Aafirika omwe ankanyamula katundu, kuphika, kulondera ndi kulemba m'maofesi sankawerengedwa ngati eni tauniyo. Ambiri mwa iwo adapeza pogona m'midzi yozungulira, pa nthaka yomwe inkayang'aniridwa ndi mafumu, kumene munthu ankatha kumanga nyumba ya zidina popanda kutsata malamulo a khonsolo, ndipo Ndirande udali umodzi mwa midzi yotereyi. Dziko litalandira ufulu, mafakitale akuluakulu adamangidwa m'mphepete mwenimweni mwa derali, kuphatikizapo fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ndi ya mowa ya Carlsberg yomwe idatsegulidwa mu 1968, motero anthu ofuna ntchito adachuluka mofulumira kuposa misewu, mipope ndi ngalande zomwe akuluakulu a mzinda adakonza.

Ntchito ndi imene idasonkhanitsa mitundu yomwe ikupezeka ku Ndirande lero. Ayao ndi Amang'anja, omwe adali kale m'dera la Blantyre amishoni asanafike, adalandira Alhomwe ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu, Angoni a ku Ntcheu, Asena a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndiponso Atumbuka ndi Atonga omwe maphunziro a ku mishoni za kumpoto adawatsegulira ntchito za ukalaliki. Chichewa ndicho chilankhulo cha pamsewu ndi pamsika, koma zilankhulo za kumudzi zimamvekabe m'nyumba, pa foni ndi pa maliro, ndipo ana obadwira kuno, omwe kawirikawiri bambo ndi mayi awo ndi a mitundu yosiyana, amakula akudziwa kwawo ngati malo opitako patchuthi chabe. Kuitana kwa pamzikiti m'bandakucha kumatsatana ndi nyimbo za mapemphero a m'mamawa a mipingo ya Pentekoste, pamene Akatolika, a CCAP, a Seventh Day ndi a Anglican ali ndi matchalitchi awo akale. Kwaya ya Ndirande Anglican Voices idatchukitsa dzina la derali m'nyumba zambiri m'dziko muno.

Malo omwe kusiyana konseku kumakumanirana ndi poloti, kutanthauza kachigawo ka nthaka komwe mwini wake wamangapo nyumba yake pamodzi ndi zipinda za lendi zondondozana, zomwe anthu amazitcha mdadada. Pa poloti imodzi pangakhale mabanja angapo ogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, bafa limodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala, ndipo mwini nyumba sasankha wobwereka poyang'ana mtundu kapena chipembedzo koma poyang'ana ngati adzakwanitsa kulipira mwezi ukatha. Zotsatira zake n'zakuti mayi wa Chisilamu wa ku Mangochi ndi mayi wa mvano wa ku Ntcheu amagawana masiku osesa pabwalo, amabwerekana mchere ndi moto wa pambaula, amasungirana makiyi ndi ana, ndipo amadziwa zakudya zomwe mnzawo sadya popanda wina kuwaphunzitsa. Sikuti mikangano kulibe, pakuti mayunitsi a magetsi ogula mosonkherana, madzi otayidwa pakhomo pa mnzako ndi wailesi yokwezedwa usiku zimayambanitsa anthu tsiku ndi tsiku; chofunika kuchiona n'chakuti mikangano imeneyi imakhala ya magetsi ndi madzi, ndipo sikawirikawiri pamene imasanduka ya mitundu. Kulolerana kotereku sikudachokere ku maphunziro a boma kapena a mabungwe, koma ku kuchepa kwa malo, ndipo n'kolimba chifukwa kumayesedwa m'mawa uliwonse pakhomo pa bafa.

Tsiku la ntchito limayamba kusanache. Alonda obwerera kuchokera ku Nyambadwe ndi Namiwawa amapatukirana ndi antchito a m'nyumba omwe akupita kukalowa m'mageti omwewo, ndipo pofika 6 koloko misewu yotsikira ku Makata imakhala yodzaza ndi anthu oyenda pansi, ena atanyamula nsima ya dzulo kapena mbatata yophika m'kakontena. Amene ali ndi ndalama yokwerera amadikira minibasi pa siteji, pomwe oitanira, anyamata omwe ntchito yawo ndi kukuwa dzina la kopita ndi kudzazitsa galimoto, amalandira kangachepe kuchokera kwa kondakitala. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo mtengo wake umasintha potengera nthawi ya tsiku, mvula ndi kupezeka kwa mafuta. M'zaka zaposachedwa kabaza wa njinga zamoto wafika m'tinjira tokwera phiri momwe minibasi singalowe, ngakhale kuti ngozi zake zadzaza zipinda za odwala mafupa ku Gulupu. Mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya maulendo idakwera, ndipo kwa mabanja ambiri funso la mwezi uliwonse lidakhala lakuti ndani m'nyumbamo akwere ndipo ndani ayende wapansi.

Si onse amene amatuluka m'derali kukagwira ntchito. Msika wa Ndirande ndi umodzi mwa misika ikuluikulu ya mumzindawu, ndipo umatchuka chifukwa cha zipangizo zakale za galimoto, matabwa, kaunjika ndi amisiri osula zitini, owotcherera zitsulo ndi opala mipando, omwe mbaula, ndowa, mafelemu a mawindo ndi mabedi awo amagulidwa ndi anthu a m'madera omwe amanyoza Ndirande. Luso limeneli achinyamata amaliphunzira poima pafupi ndi mmisiri kwa zaka, popanda satifiketi, ndipo ndi sukulu ya ntchito zamanja yomwe mzindawu sunaiwerengere mokwanira. Geni, omwe ndi malonda ang'onoang'ono a tomato, makala, mandasi ndi ufa wa m'timapepala wokwana chakudya chimodzi, ali m'manja mwa amayi makamaka, ndipo mpamba wake umachokera ku banki m'khonde kapena ku chipereganyu, njira yomwe anthu amasonkha ndalama n'kumapatsana mosinthana.

Maliro ndiwo amaonetsa bwino dongosolo lomwe anthu adadzipangira okha. Mafumu a m'tauni, omwe ena ndi a m'magazi pamene ena adangosankhidwa ndi anthu a m'chigawo chawo, amalengeza zovuta, amatuma anthu kutolera chipepeso khomo ndi khomo, ndipo amathandiza kupeza malo kumanda kapena galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi. Wobwera kumene amazindikira msanga kuti kusapezeka pa maliro a mnansi, kaya ndi wa mpingo uti, ndi mlandu womwe udzakumbukiridwa tsiku lomwe zovuta zidzagwe pakhomo pake.

Pa zinthu zomwe anthu sangathe kudzipangira okha m'pamene derali lidatsalira. Madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire n'kukwezedwa mtunda wautali, motero magetsi akazima madera okwera ndiwo amayamba kuuma, ndipo mabanja opanda mpope pakhomo amagula madzi pa kiyosiki ndi chigubu kapena amatunga m'zitsime zosatetezeka. Mtsinje wa Nasolo, womwe umadutsa m'derali n'kukathira mu Mudi, umanyamula zinyalala ndi zonyansa za m'zimbudzi, ndipo m'malo otere matenda a kolera, monga mliri wa 2022 ndi 2023 womwe udachedwetsa kutsegulira sukulu mumzindawu, amafala mosavuta. Phiri lomwe kale lidali ndi nkhalango ya paini lidametedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo nyumba ndi minda zidakwera m'malo otsetsereka momwe madzi a mvula alibe chowatchinga. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, Chilobwe ndi Soche ndiwo adavutika koposa, koma Ndirande nayenso adataya anthu ndi nyumba. Kudzudzula omanga m'phiri n'kosavuta, koma munthu amene wapatsidwa kusankha pakati pa malo oopsa apafupi ndi ntchito ndi malo abwino omwe ulendo wake ungadye theka la malipiro ake sanapatsidwe chisankho chenicheni.

Dera lokhala ndi antchito ochuluka chonchi silikadalephera kukhala ndi mawu pa ndale. Sitiraka ya mu May 1992, yomwe idayambira ku David Whitehead n'kufalikira mumzinda wonse patangopita miyezi iwiri chitulukireni kalata ya maepiskopi a Katolika, idaphetsa anthu makumi angapo, ndipo idali imodzi mwa zinthu zomwe zidatsegula njira ya riferendamu ya 1993. Kuyambira pamenepo andale amaona msonkhano wa ku Ndirande ngati muyeso wa mphamvu zawo, ngakhale kuti malonjezo a pa misonkhanoyo saoneka kwenikweni m'ngalande ndi m'misewu ya m'zigawo za derali monga Goliyo, Chinseu, Safarao kapena Malabada. Pa mpira, derali limadziwika ngati kwawo kwa ochemerera timu ya Bullets, ndipo tsiku lomwe timuyi ikumana ndi Wanderers anthu amayenda m'magulu kupita ku bwalo la Kamuzu.

Mabanja omwe zinthu zawayendera amakonda kugula malo ku Machinjiri, ku Chileka kapena ku Mpemba, komwe angamange nyumba yokhala ndi bwalo lawolawo, ndipo akasamuka amayamba kulipira minibasi ziwiri pa ulendo womwe kale ankayenda wapansi. Ena mwa iwo sagulitsa poloti ya ku Ndirande koma amawonjezerapo zipinda, chifukwa chipinda cha lendi m'derali sichikhalitsa chopanda munthu.