Kodi mumadziwa? Khansa ya pakhungu imatha kukafika kopangira malovu

Chotupa cha kutsogolo kwa khutu si matsagwidi nthawi zonse. Pamalopo pali kachiwalo kakakulu kopanga malovu, ka parotid, ndipo m'kati mwake muli anabere amene amalandira timadzi tochokera pamphumi, pakhutu ndi pachikope. Khansa ya pakhungu ikayamba malo amenewa, kawirikawiri imayamba kufalikira kumeneko. Anthu achialubino ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, makamaka amene amakhala padzuwa tsiku lonse, monga ogulitsa malonda m'misewu ya ku Ipusukilo, ku Kitwe.

Opaleshoni yake ndi yofuna dzanja losanjenjemera. Mtsempha umene umayendetsa nkhope umadutsa m'kati mwenimweni mwa kachiwaloka n'kugawika nthambi 5, choncho dokotala amaufunafuna kaye asanachotse chotupacho. Ukaduka, diso silitsekeka ndipo pakamwa pamapotoka. Nthawi zambiri amachotsanso anabere a m'khosi, kenako wodwala amakawotchedwa ndi makina, ngati a ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007.

Chodabwitsa n'chakuti ena akachira amatuluka thukuta patsaya akamadya, chifukwa timitsempha ta malovu timamera n'kukalumikizana ndi totulutsa thukuta. Dokotala wa ku Poland, Łucja Frey, analongosola vutoli mu 1923.

Bala la pankhope limene silikupola pakatha mwezi, musalipake mankhwala ogula pagolosale. Pitani nalo kukiliniki, akakutumizeni ku Kitwe Teaching Hospital.