Chimbale chakana kufa m'chamba cha minimal techno

Woimba akatulutsa nyimbo zatsopano masiku ano, anthu amanenabe kuti watulutsa chimbale, ngakhale kuti chomwe chatulukacho sichigwirika ndi manja. Chimakhala m'foni, pa YouTube kapena pa fulashi. Dzinali lidatsalira kuchokera m'nthawi ya magalamafoni, pamene nyimbo zinkakhaladi pa mbale yakuda yozungulira, singano ikuyenda m'timizere take. Koma ku Berlin m'dziko la Germany ndi ku Bucharest m'dziko la Romania kuli timakampani ta nyimbo tomwe mpaka lero timasindikiza nyimbo pa mbale yakudayo, yotchedwa vinyl, ndipo tina timakaniratu kuzigulitsa pa intaneti. Chozizwitsa n'chakuti nyimbo zakezo, za chamba cha minimal techno, zimapangidwa ndi makina ndi makompyuta okhaokha.

Chambachi chidaphuka mumzinda wa Detroit ku America. Mu 1994 Robert Hood adatulutsa chimbale cha Minimal Nation, momwe adachotsa zokometsera zonse n'kusiya kugunda kwa ng'oma, besi ndi timawu tochepa tobwerezabwereza. Nyimbo zotere nthawi zambiri zilibe woimba ndi pakamwa, ndipo imodzi imatha kutenga mphindi 10 kapena kuposerapo. Sizipangidwira wailesi ayi. Mwini wake weniweni ndi DJ wa m'kalabu, yemwe amazilumikiza imodzi pamwamba pa inzake usiku wonse mpaka ovina osadziwa pomwe ina yathera.

Ku Berlin, chambachi chidakula limodzi ndi mbale ya vinyl. Mark Ernestus adatsegula sitolo ya zimbale ya Hard Wax mu 1989, ndipo mu 1993 iye ndi Moritz von Oswald adayamba kutulutsa nyimbo m'dzina la Basic Channel. Patangopita zaka ziwiri adakhazikitsanso malo awoawo odulira zimbale, otchedwa Dubplates & Mastering. Atatulutsa nyimbo zawo pa CD, adamatapo kapepala kolangiza wogulayo kuti akagule vinyl. Kampani ya Perlon, yomwe idayamba ku Frankfurt mu 1997 isanasamukire ku Berlin, idakhala zaka zambiri ikukana kugulitsa nyimbo zake ngati mafayilo a pa intaneti, chonsecho ili ndi akatswiri otchuka monga Ricardo Villalobos. Anyamata atatu a ku Bucharest, Rhadoo, Raresh ndi Petre Inspirescu, adatsata njira yomweyo atakhazikitsa kampani ya a:rpia:r mu 2007.

Sikuti onse adagwirizana nazo. Richie Hawtin, yemwe adakulira ku Windsor m'dziko la Canada, kutsidya kwa mtsinje kuchokera ku Detroit, adayambitsa kampani ya M_nus mu 1998 ndipo adali patsogolo kulimbikitsa ma DJ kuti aziimba nyimbo zochokera m'kompyuta. Mu 2004 kudabadwa Beatport, sitolo ya pa intaneti yogulitsa nyimbo kwa ma DJ. Mu 2009 kampani ya Pioneer idatulutsa makina a CDJ-2000, omwe amawerenga nyimbo pa fulashi, ndipo chaka chotsatira kupanga kwa Technics SL-1200, makina ozunguza zimbale omwe kalabu iliyonse inkadalira, kudaima. DJ yemwe kale ankakwera ndege ndi chikwama cholemera cha zimbale tsopano adayamba kuyenda ndi nyimbo zikwizikwi m'thumba la malaya.

Okonda vinyl akafunsidwa chifukwa chomwe akukakamirabe, ambiri amathamangira kunena kuti imamveka bwino. Mfundo imeneyi ndi yofooka kuposa mmene amaiganizira. Pafupifupi nyimbo iliyonse ya chambachi imayamba yakhala fayilo ya m'kompyuta isanadulidwe pa mbale, kotero mbaleyo singakhale ndi kanthu komwe fayiloyo idalibe. Chomwe chilipo n'chakuti mbale ili ndi malamulo ake. Besi ikachuluka kapena ikamwazikana kumanja ndi kumanzere, singano imadumpha, choncho katswiri wodula mbale amaisonkhanitsa pakati. Mawu akuthwa kwambiri amawafewetsa. Nyimbo ikatalika, timizere timapanikizana ndipo mphamvu ya mawu imatsika, n'chifukwa chake mbali imodzi ya chimbale cha m'kalabu kawirikawiri sipitirira mphindi 12 kapena apo. Kukoma komwe anthu amakutamandako mwina n'kochokera m'makutu ndi m'manja mwa katswiriyo, osati mu pulasitiki.

Nkhani yeniyeni yagona pa ndalama, ndi pa zomwe ndalamazo zimakakamiza munthu kuchita. Kuti nyimbo ifike pa vinyl, imayamba yadulidwa pa mbale ya aluminiyamu yokutidwa ndi utoto wofewa wotchedwa lacquer. Mbaleyo imamizidwa m'mankhwala kuti papangidwe chidindo cha chitsulo, ndipo chidindocho ndicho chimapsinja pulasitiki wotentha kukhala chimbale. Mtengo wa ntchito yoyambayi susintha, kaya munthu akufuna zimbale 300 kaya 3,000. Timakampani ta minimal techno nthawi zambiri timasindikiza 300 kapena 500 basi, kulipira zonse mbale isanagulidwe ngakhale imodzi. Zikayenda bwino ndalama imangobwerera, zikapanda kuyenda makatoni amadzaza pansi pa bedi.

Munthu woika ndalama zake pachiswe chotere satulutsa nyimbo mwachisawawa. Pa nyimbo makumi awiri zomwe walandira amasankhapo zitatu kapena zinayi zokwana pa mbale. Wogawa zimbale naye amasankha, mwini sitolo amasankhanso. Vinyl imagwira ntchito ya sefa. Pa intaneti sefayo kulibe: kuika nyimbo sikudula, ndiye sabata iliyonse kumatuluka nyimbo zochuluka zofanana ngati mapasa, moti yabwino imamira anthu asanaimve. Pamfundo iyi okonda vinyl akunena zoona, ndipo ngakhale owatsutsa ambiri amavomereza.

Komanso malipiro a pa intaneti sakomera chamba cha nyimbo zazitali. Pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikadutsa masekondi 30, ndipo kutalika kwake sikuwonjezera kanthu. Nyimbo ya Villalobos ya mu 2006, Fizheuer Zieheuer, imatenga mphindi 37, koma pa kawerengedwe kotere ndi imodzi basi, chimodzimodzi kanyimbo ka mphindi ziwiri. Kuyambira mu 2024, nyimbo yomwe siidamvedwe maulendo 1,000 m'miyezi 12 silandirako kalikonse kumeneko. Kwa kakampani kokhala ndi otsatira mazana ochepa, anthu 300 ogula mbale ndi aphindu kuposa zikwi za ongodutsa.

Koma vinyl nayo yakhala ikupweteka omwe amaikonda. Kumapeto kwa 2008 kampani yogawa zimbale ya Neuton ku Germany idagwa, n'kusiya timakampani tambiri tikudandaula ndalama zawo. Kenako vinyl idayambanso kutchuka kwa anthu wamba, ndipo m'malo mothandiza, kutchukako kudadzetsa mavuto ena. Bungwe la RIAA lidalengeza kuti mu 2022 ku America kudagulidwa zimbale za vinyl 41 miliyoni pamene ma CD adali 33 miliyoni, koyamba kuchokera mu 1987 kuti vinyl ipose CD. Mafakitale osindikiza ndi ochepa, ndipo oda ya kampani yaikulu ikafika, wa zimbale 300 amakankhidwira kumapeto kwa mzere. Mu 2021, chaka chomwe malipoti adati chimbale cha Adele chidasindikizidwa makope 500,000, timakampani tating'ono tinkadikira miyezi yambiri, tina kuyandikira chaka. Izi zidadza moto utatentha fakitale ya Apollo Masters ku California mu February 2020, imodzi mwa ziwiri zokha padziko lonse zomwe zinkapanga mbale za lacquer. Inayo ili ku Japan. Omwe adasunga vinyl pamene aliyense adaitaya ndiwo adapezeka akusowa malo.

Chomwe okonda vinyl sakonda kukambapo ndi anthu omwe sefa ija imawasiya kunja. Mbale 300 zimatha m'masiku ochepa m'masitolo a ku Ulaya, kenako zimawonekeranso pa Discogs, msika wa pa intaneti wa zimbale womwe udayamba mu 2000, mtengo utakwera kangapo. Phindu lowonjezeralo silifika kwa wopeka nyimbo, limathera kwa wogula kuti agulitsenso. DJ wa ku Johannesburg, Lusaka kapena Lilongwe, yemwe ayenera kulipira ndalama zakunja, mtengo wotumizira ndi msonkho, amakhala atagonja mpikisano usanayambe. Mfundo yoti nyimbo ndi za odzipereka okha imamveka bwino kwa munthu wokhala pafupi ndi Hard Wax.

N'chifukwa chake timakampani tambiri tasankha njira yapakati. Timayamba tatulutsa vinyl, ndipo pakapita milungu kapena miyezi timaika mafayilo pa Bandcamp, komwe kampaniyo imatengako 15 pa 100 iliyonse ya ndalama za mafayilo, gawo lalikulu la yotsalayo n'kupita kwa eni nyimbo. Tina timaika nambala yachinsinsi m'chikuto kuti wogula mbale akatengenso fayilo.

Tomwe tikukanabe tili ndi vuto lomwe sitingalithetse. Mbale ikangotuluka, wina amailumikiza ku kompyuta, kujambula nyimboyo n'kuimwaza pa intaneti, eni ake osapezapo kanthu. Ndipo ma DJ ambiri otchuka a timakampani tomweti, akafika m'kalabu, pambali pa zimbale amatulutsanso fulashi yodzaza nyimbo za anzawo zomwe zikudikirabe malo ku fakitale.