Batire lotupa si chithupsa

Lachiwiri lapitali, dzuwa likuswa mtengo, pashopu panga panafika mayi wina atakulunga laputopu m'chitenje ngati khanda lodwala. Ndi mphunzitsi wa kusekondale, ndipo mafunso onse a mayeso a kumapeto kwa teremu anali m'makinawo. Atangoiika patebulo ndinaoneratu pamene pali vuto. Inkagwedera ngati mphika wa pamafuwa osalingana, chivundikiro chinkasiya mpata wolowa chala, ndipo kamalo kaja timayendetsapo chala, ka touchpad, kanali katatumphuka mbali imodzi.

"Achimwene, mungondikonzera kambewa aka, kakukana kudinika. Za batire musavutike nazo, anandikonzera kale."

"Anakukonzerani motani, madamu?"

"Mwana wa achemwali anga amazitha zimenezi. Anati langodzaza mpweya basi. Ndiye analiboola ndi singano, mpweya unatuluka, n'kumatapo supagulu."

Sindinayankhe. Ndinainyamula laputopuyo n'kutuluka nayo panja, pasimenti, kutali ndi makatoni. Nditamasula masikuluwu a pansi, chivundikiro chinadzikankha chokha, ndipo munatuluka kafungo kotsekemera, kangati ka mankhwala ofufutira kyuteksi. Batire linali litafufumanso ngati chitumbuwa, pakona pake pali kadontho kouma ka supagulu. Mayiwo anati usiku wathawo analitchaja lili pabedi, mdzukulu wawo ali mtulo pambali pake.

Nkhani ya singanoyi yandikwana. Ndaimva kwa ana asukulu, ndaimva kwa akuluakulu ovala mataye, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndaimvanso kwa anzanga ena a ntchito yomweyi, amene amalipiritsa anthu kuti awaboolere. Kumene maganizowa amachokera ndikukudziwa. Tonse tinakula tikuona chithupsa chikufinyidwa, thuza likubooledwa ndi munga. Kwa ife chilichonse chotupa chili ndi zoipa m'kati, ndipo zoipazo zikatuluka munthu amagona tulo. Pathupi zimatheka chifukwa thupi limadzipoletsa lokha. Batire silipola.

Tiyeni tilisuzumire m'kati. Batire la laputopu zopyapyala za masiku ano lili ndi timatumba tiwiri, titatu kapena tinayi, timene ife timati maselo. Thumba lililonse ndi la pulasitiki yophatikiza ndi aluminiyamu, ngati paketi ya mkaka waufa. M'katimo mwapindidwa mapepala awiri achitsulo: lina la kopa lopakidwa graphite, zakuda zija zili mu mtima wa pensulo, lina la aluminiyamu lopakidwa mankhwala a lithium, kawirikawiri osakaniza ndi cobalt. Pakati pa awiriwa pali kapepala kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Timakatcha separator, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha: awiriwa asakhudzane. Zonsezi zanyowa ndi timadzi totchedwa electrolyte. Ndati timadzi, koma musaganize za madzi a pamjigo. Ndi mankhwala ogwira moto msanga.

Tsono bweretsani singano yanu. Singano ndi chitsulo. Dzanja likangotsetsereka pang'ono, nsonga ija imapyoza kapepala kapakati n'kulumikiza kopa ndi aluminiyamu. Mphamvu imene ikanayendetsa laputopu maola atatu kapena anayi imathamangira pakansonga kamodziko. Pamenepo pamatentha, kutenthako kumasungunula kapepala kapakati mozungulira, mbali zina zimakhudzananso, kutentha kumawonjezeka. Pachizungu amati thermal runaway, kutanthauza kuti kutentha kwayamba kudzibala kokha ndipo palibenso mabuleki. Selo limodzi likapsa limayatsa linzake. Choipanso, mankhwala a papepala la aluminiyamu aja akatentha kwambiri amatulutsa okha mpweya wa oxygen, ndiye moto wake sumva zouphimba ndi bulangete monga timachitira ndi mafuta a mupoto. Umalilima, umalavula utsi woyera wotsamwitsa, ndipo umatha kuoneka ngati wazima kenako n'kudzukanso.

Wina anena kuti, "Nanga mnyamata uja bwanji anaboola koma sipanayake?" Inde, anachita mwayi, singano yake inangokanda thumba. Koma taonani zimene anasiya. Pakabowo paja panalowa mpweya wapanja ndi chinyezi. Mchere wa lithium umene uli mu electrolyte ukakumana ndi chinyezi umabala asidi woopsa wotchedwa hydrofluoric acid, amene amadya zam'kati mwa selo, ndipo ndi woipa pakhungu, m'maso ndi m'mapapo. Supagulu satseka thumba lotere. Kafungo kaja ndinamva kanali electrolyte ikutuluka. Mpweya umene anatulutsawonso si wamba: muli carbon dioxide, carbon monoxide, hydrogen ndi mipweya ina yoyaka. Iye anaupumira pafupi, mutu uli chowerama.

Ndipo funso limene oboola safuna kudzifunsa ndi ili: mpweyawo unachokera kuti, poti thumba linatsekedwa kufakitale? Palibe anaupopera. Ndi electrolyte yomwe ija ikuwola. Batire likamakalamba, kapena likamazunzika ndi kutentha, timadzito timasweka n'kusanduka mpweya. Ndiye kutupa kumene mukukuona ndi utsi chabe, nkhuni zinapsa kale m'kati. Mukatulutsa mpweya simunabwezeremo kanthu. Mwangochotsa chizindikiro chimene chimakuuzani kuti zinthu zavuta, ngati dalaivala womata pepala pa kanyali kofiira ka oyilo kuti kasamuvutitse maso. Thumba likatupa osaphulika ndiye kuti likugwira ntchito yake yomaliza, kusunga zoipazo m'kati mpaka mutalichotsa. Lisiyeni ligwire.

Abale ake a singano aliponso. Ena amasanjika mabuku kapena njerwa pamwamba pa laputopu kuti iphwe. Kumeneko ndi kukanikiza kapepala kapakati kaja kuti kang'ambike. Ena amaika batire mufiriji, ati lipume. Kuzizira kumangochepetsako kutupa kwa kanthawi, ndipo mukalitulutsa limachita thukuta, chinyezi chija n'kufika pa timawaya. Palinso amene amamanga masikuluwu mwamphamvu kuti chivundikiro chitsekeke basi. Amenewo amathyola touchpad, amapinda kiyibodi, mwinanso bolodi lenileni, ndiye vuto la batire lokha lasanduka maliro a laputopu yonse.

Akuluakulu ena akafika pano amayamba kudandaula kuti malaputopu akale anali olimba, sankatupa. Pamenepa ndimawavomera theka. Mabatire aja tinkachotsa kumbuyo pongokankha kabatani anali ndi maselo ozungulira a chitini chachitsulo, otchedwa 18650 chifukwa ndi mamilimita 18 m'mimba ndi 65 mulitali. Chitini sichitupa, ndipo chinali ndi kapotulukira mpweya kake. Ankafa nawonso, kungoti ankafa mwaulemu osaonetsa mimba. Ifeyo ogula ndi amene tinafuna laputopu yopyapyala ngati kope, ndiye opanga anasiya chitini n'kutenga thumba, nalitsekera m'kati, ena mpaka kulimata ndi guluu. Walira mvula walira matope. Ine maganizo anga sindibisa: kumata batire ndi guluu m'makina odula chonchi ndi nkhanza kwa ogula ndi kwa okonza omwe.

Chimene chimakalambitsa batire msanga ndi zinthu ziwiri zikakumana: kutentha, ndi kukhala lodzaza mpaka pakamwa nthawi zonse. Selo lodzaza limakhala pa mavoti 4.2, ena atsopano kupitirirako pang'ono, ndipo pamenepo m'pamene electrolyte imawola mofulumira. Onjezanipo Okutobala wathu, pamene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumadutsa madigiri 40, laputopu ili pabulangete timabowo topumira tatsekeka, kapena yasiyidwa m'galimoto yotseka mawindo masana. Sindikudzudzula munthu posiya tchaja ili chilumikizire. Kuno tonse timadziwa kuti magetsi akabwera umadzaza chilichonse, poti sudziwa kuti achoka liti. Koma dziwani kuti pali mtengo wake. Mbali inayo, laputopu yoiwalidwa musutikesi chaka chathunthu batire lili pa ziro nayonso imawonongeka, ndipo tsiku lodzaitchaja m'pamene imatha kutupa. Malangizo aja akuti muzilimaliza kaye batire mpaka lizime musanatchaje anali a mabatire akale a nickel-cadmium. A lithium-ion, amene Sony inayamba kugulitsa mu 1991, sakonda kufikitsidwa pansi.

Nditawafunsa madamu aja chifukwa chimene sanabwerere msanga, anati, "Walanti inatha kalekale, ndiye ndinati nanga ndipita kuti." Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ngati kuti walanti ikatha laputopu yasanduka mwana wamasiye. Zoona zake n'zakuti malaputopu ambiri amene ndimagwira pano ndi a kaunjika, anagwirapo kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya, ku Dubai kapena ku Joni, ndipo walanti yawo inatha asanakwere n'komwe ndege kapena sitima. Ngakhale yatsopano, makampani ambiri amaliona batire ngati matayala a galimoto, chinthu chakutha, ndipo amalipatsa chaka chimodzi chokha ngakhale makinawo atawapatsa zaka zitatu. Walanti imangonena za amene alipire. Batirelo liyenera kuchoka, kaya alipira ndani.

Komabe musanatulutse ndalama, yang'anani nambala ya laputopu yanu, serial number ija ili pansi, n'kuifufuza pa tsamba la kampani imene inaipanga. Nthawi zina vuto limakhala la kufakitale ndipo eni ake amaitanitsa mabatirewo. Dell inaitanitsa mabatire oposa 4 miliyoni mu 2006, HP inachitanso zotere mu 2018, ndipo chaka chomwecho Apple inayamba kusinthira anthu ulere mabatire otupa a MacBook Pro ina ya mainchesi 13. Zoterezi siziyendera walanti wamba, ngakhale zina zimakhala ndi malire a zaka. Kunena chilungamo, kuchokera kuno kuti mufike kwa amene angakusinthireni ndi ulendo, ndipo ambiri amangogwa ulesi. Koma kufufuzako n'kwa mphindi zisanu.

Zoti muchite ndi izi, mwachidule. Mukaona touchpad yatumphuka, kiyibodi yakwera pakati, kapena laputopu ikugwedera patebulo losalala, zulani tchaja ndipo musatchajenso. Ngati sikutentha kapena kununkha, koperani msanga zofunika zanu pa fulashi, muizimitse, muiike pasimenti kutali ndi makatani ndi matiresi. Ikakhala kuti ikutentha yokha, ikununkha kapena ikuchita kaphokoso ngati mafuta pamoto, zokopera ziiwaleni, itulutseni panja ngati n'kotheka kuigwira, ndipo anthu atalikire. Pamalaputopu ambiri kuchotsa batire ndi masikuluwu ochepa ndi kawaya kamodzi, koma lotupa silifuna kutokosedwa ndi sikuludiraiva, ndipo lomatidwa ndi guluu musaliyese n'komwe kunyumba. Pogula lina tengani nambala yolembedwa pa batire lenilenilo, muonenso mavoti ndi ma watt-hour ngati akufanana, komanso deti limene linapangidwa, chifukwa batire limakalamba ngakhale lili mushelefu. Lotchipa mokayikitsa ndimaliopa, ngakhale sindinganame kuti onse osakhala a kampani ndi oipa. Ena ndawaika ndipo akutumikira bwino. Mukatuma mbale wobwera pandege, alinyamule m'chikwama cha m'manja, chifukwa mabatire apadera saloledwa m'katundu wopita pansi, ndipo lotupalo salilola n'komwe kukwera.

Latsopano likalowa, fufuzani ngati laputopu yanu ili ndi njira yoletsa kutchaja pa 80 peresenti kapena kucheperapo. Pa Lenovo imatchedwa Conservation Mode, pa HP zambiri za muofesi ili mu BIOS pa dzina la Battery Health Manager, Dell ndi ASUS nazonso zili ndi zake. Mudzataya mphindi zingapo magetsi akazima, ndiye aliyense ayese yekha chimene chamukomera. A Windows mutha kulemba powercfg /batteryreport mu Command Prompt, ndipo mudzaona mphamvu imene batire linabadwa nayo ndi imene latsala nayo.

Lakalelo, chonde, lisapite kudzala. Kwathu kuno zinyalala timatentha, ndipo amene amakhala pafupi ndi motowo ndi ana. Matani selotepu pa timano take, muliike m'chitini kapena ndowa yachitsulo ya mchenga wouma, pamthunzi, kapena mulisiye kwa wokonza amene mukumukhulupirira kuti sakaligulitsanso.

Madamu aja anabwerera kwawo ndi laputopu yopanda batire, yoyendera tchaja yokha, mpaka mwezi uthe apeze ndalama. Ndinawachenjeza kuti magetsi akangothima nayonso ithima pomwepo, ndiye azisunga ntchito yawo pafupipafupi. Touchpad inabwerera m'malo mwake yokha nditangochotsa chimene chinkaikankha, ndipo mayeso onse analimo. Potuluka anatembenuka pakhomo.

"Koma achimwene, mnyamata uja musadzamukalipire akabwera. Amafuna kundithandiza."

Ndinawalonjeza. Batire lawo lili m'ndowa ya mchenga kuseri kwa shopu, pamodzi ndi ena asanu. Awiri mwa amenewo alinso ndi kadontho ka supagulu pakona.